Asanandisudzule

Lolemba, 9 Seputembala 2024

Tsiku alitchula. Loweruka pa 28 mwezi uno andisudzula.

Abwera kudzandiuza ndi alamu anga a Francis, achimwene ake a malemu mkazi wanga Lydia. Andipeza kudimba ndikuthirira nazale ya fodya, ndipo sanakhale n'komwe pansi. Akuti banja lagwirizana kuti mwambowu uchitike mvula isanagwe, minda idziwike mwini wake. Ndinafunsa za ana. Anati, "Zimenezo tikakambirana komweko, alamu." Koma mudzi wonse ukudziwa kuti a Regina, akulu ake a Lydia, akonza kale pogona pa Tiyanjane ndi Mayeso kunyumba kwawo.

Zaka 16 ndili pachikamwini pano. Nyumba ndinamanga ndine, chigafa ndine, chitsime chakudimba ndinakumba ndi manja angawa. Koma mkamwini mkazi akamwalira, chake ndi njinga ndi thumba la zovala. Ana ndi akuchikazi. Ndinkazidziwa pokwatira, kungoti munthu suganiza kuti zidzakugwera iwe.

Kwathu ku Chiwamba kwatsala achimwene a Stephano okha. Ndikabwerera kumeneko ana anga ndizidzawaona pamaliro basi.

Ndikulemba m'kope lakale la Tiya chifukwa woyankhula naye ndilibe. Msana ukuwawa.

Lachitatu, 11 Seputembala

Makeni 40 a madzi m'mawa, 40 madzulo. Mbande zamera bwino kuposa chaka chilichonse, ngati zikundiseka. Wodzawokera sindikudziwa ngati ndidzakhale ine.

Mayeso wakodzanso pogona. Sindinamukalipire, mphamvu zake ndinalibe.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndaganiza nzeru, ndipo ndilembe mosabisa kuti ndi nzeru yautambwali.

Banja lonse lino ndi latchalitchi. A Francis ndi mkulu wa mpingo. Apongozi anga aNambewe akalambira m'Chigwirizano cha amayi. Wotsalira ndinali ine ndekha. Zaka zonsezi ntchito yanga Lamulungu inali kukweza Lydia panjinga, kumutsitsa pakhomo la tchalitchi, ine n'kupitirira ku Nsaru kukasewera bawo. Ankati, "Tsiku lina mudzalowa." Ine ndinkati, "Ndikadzatopa ndi bawo." Ankaseka, koma ndikudziwa kuti zinkamupweteka.

Ndiye ndati, nanga ndikalowa kalasi ya ubatizo? Wophunzitsa ndi a Francis omwewo. Kodi angathamangitse munthu amene akumuphunzitsa okha? Anthu angawanene. Mulungu ngati alipo andikhululukira, nkhani yake ndi ya ana.

Loweruka, 14 Seputembala

Ndapita.

Kalasi yake yadzaza ana a sitandade 7 ndi 8. Ine bambo wa imvi, pakabenchi kakafupi, mawondo kufika pachibwano. Atsikana awiri kumbuyo anali kufa nacho chikhakhali. A F. anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako anafunsa dzina ngati sakundidziwa. Ndinati Lyton Chikoti. Analemba.

Akutiloweza malamulo khumi. Anawo amangowatchula ngati nyimbo. Ine ndafika pa lachinayi, mutu n'kuima.

Pobwera ndinadzera dala kuseri kwa nyumba ya apongozi, kabuku ka kalasi kali poyera m'manja.

Lamulungu, 15 Seputembala

Ndinavala malaya oyera aja, n'kukhala kutsogolo kwenikweni kumbali ya abambo, poti aliyense andione. Ulaliki sindinaumve, ndinasinza kawiri. Koma poimba, kumbali ya amayi kunali wina wokweza mawu kumapeto kwa mzere monga ankachitira L. Ndinacheuka ngati wopusa.

Tiya ndiye wakondwa. Pobwerera anayenda pambali panga njira yonse, akuuza aliyense kuti ababa alowa kalasi. Mwanayu waonda. Zaka 13, koma siketi yasukulu akuimanga ndi chingwe.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Ndinapita ku Nsaru kukagula mankhwala opopera nazale. Limbikani, mnzanga wa pabawo, anandiona ndili patali. "Abusa afika, bisani njere!" Anthu kuseka. Kenako ananditengera pambali. "Nkhani ya tayala ija ili pabwino, aise. Tonse tinagwirizana chimodzi."

Ndiilembe nkhaniyi kamodzi, mwina indisiya.

Loweruka lija, pa 20 Julayi, L. anadzuka mutu ukumuwawa kwambiri, maso akuchita chidima. BP inkamuvuta kuyambira kale. Anati ndipite naye kuchipatala. Ndinati ayambe wagona pang'ono, ndithamangire ku Nsaru kukapopa njinga, ndibwera pompano. Njinga ndinapopadi. Kenako Limbikani anandikodola kubawo, akuti kamodzi kokha. Ndinakhala pansi cha m'ma 10.

Foni inalira m'thumba kasanu ndi kawiri. Ndinaona kuti ndi nambala ya L. Ndinati akufuna kundikalipira, ndimalize kaye. Ndinaithimitsa mawu. Amene ankaimba anali Tiya, mayi ake atagwa pakhonde.

Anamunyamula pangolo chifukwa njinga inali ndi ine. Anathera panjira. Ine ndinafika 4 koloko, n'kupeza anthu akulira. A F. atafunsa kumene ndinali, pakamwa panayankha pokha: tayala linaphulika, ndinayenda wapansi kusaka chubu, foni sinalire n'kamodzi komwe, mwina netiweki. Anandikhulupirira. Ena mpaka kundipepesa.

Ndalemba. Sinandisiye.

Lachinayi, 19 Seputembala

Amayi a Chigwirizano anabwera madzulo, khumi ndi anayi, ndi yunifolomu zawo. Akuti amva kuti ndikuvutika ndekha ndi nazale. Anakwinya zitenje, n'kulanda makeni, ena ndowa. Ntchito ya maola awiri anaimaliza ndisanamalize n'kuwaletsa komwe. Wina anachapa zofunda za Mayeso osanena kanthu.

Pochoka anapemphera titaima m'dimba momwemo. Mayi wotsogolera anati, "Mulimbitseni mwana wanu uyu, amene anayesetsa tsiku lija koma njinga inamukanika. Inu munaona mtima wake."

Inu munaona mtima wake. Ndinatsegula maso kuti ndione ngati akundinena. Ayi, mayiyo anali kulira zenizeni. Bola akanandimenya ndi keni.

Sindinadye.

Loweruka, 21 Seputembala

Kalasi. Lero tinafika pa lamulo loletsa umboni wonama, ndipo mwa anthu onse a F. analoza ine kuti ndilitchule. Ndinalitchula bwinobwino. Kunama ndiye ndimatha.

Ana atatuluka anati nditsale. Anapukuta magalasi nthawi yaitali.

"Alamu, ngati mukubwera kuno kuti ndikuoneni, ndakuonani. Amayi nawonso akuonani. Koma za pa 28 sizisintha. Mwambo ndi wina, kalasi ndi ina."

Ndinati ndiye ana?

"Ndidzayankhulako. Koma mawu otsiriza ali ndi amayi, ndipo amene akufulumizitsa zimenezi ndi iwowo, si Regina ayi."

Anawonjezera kuti pakhomo la kalasi satsekera munthu, kaya wabwerera chiyani. Sindinawatsanzike. Ndiye kuti masabata awiri ndakhala ndikupindika pakabenchi kaja pachabe.

Lamulungu, 22 Seputembala

Sindinapite. Kubawonso sindinapite. Ndinangogona m'chigafa.

Lolemba, 23 Seputembala

Tiya ananditsatira kudimba atachoka kusukulu. Ankazula udzu m'mabedi, osayang'ana kwa ine. Kenako anafunsa kuti, "Ababa, nambala yanu munaisintha chaka chino?"

Ndinati ayi, bwanji.

Anati tsiku lija ankadina mothamanga. Foni ya amayi ake sanaizolowere. Akuganiza kuti mwina ankaimba nambala yakale, kapena anadina polakwika, chifukwa ine ndinanena kuti foni sinalire. Akuti akanaimba bwino ndikanapeza njinga ina n'kubwera. Akuti tsiku lililonse amapempha Mulungu amukhululukire chifukwa anapha amayi ake ndi kupusa.

Miyezi iwiri mwanayu akuyenda ndi zimenezi. Ine kumaona siketi ikukhwepa, n'kumati ndi chisoni chabe.

Ndinati, "Si iwe, mwanawe. Usamaganize choncho." Ndinalekera pomwepo. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni, ngati munthu amene akungomutonthoza. Ine ndinanyamula keni n'kupita kuchitsime.

Ndine wamantha. Palibe dzina lina.

Lachiwiri, 24 Seputembala

M'mawa kuchitsime ndinatsitsa ndowa, koma sindinaikoke. Ndinakhala pamatope pomwepo. Sindikudziwa ngati chimene ndinachita ndi pemphero. Sindinagwade, sindinatseke maso. Ndinangoyankhula mokweza ngati wamisala. Ndinati, Inuyo ngati munaonadi, ndiye mukudziwa. Ndatopa. Ndikanena, anditengera ana. Ndikapanda kunena, mwana uja atha ndikuona. Ndipangeni chimene mufuna, ine nzeru zandithera.

Palibe chimene chinamveka. Achule okha. Koma aka kanali koyamba kuinena nkhaniyi ndi pakamwa kwa wina amene si Limbikani, ndipo sindinamve ngati ndikuyankhula ndekha. Sindingathe kulongosola kuposa apa.

Ndinadzuka n'kumaliza makeni anga 40.

Lachitatu, 25 Seputembala

Ndayesa kawiri kumuitana Tiya. Kawiri konse ndamutuma madzi akumwa.

Ndapempheranso, ngati ndi mmene amatchulira. Lero ndapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pakamwa patseguke.

Lachinayi, 26 Seputembala

Ndamuuza.

Ndinadikira Mayeso apite kosewera. Tinakhala pakhonde lomwe anagwera mayi ake. Ndinatulutsa foni, n'kumuonetsa. Sindinafufute chilichonse chichokere tsiku lija, sindikudziwa chifukwa chake. Dzina la mayi ake, pa 20 Julayi, kasanu ndi kawiri. Ndinati unaimba bwino, mwana wanga, kasanu ndi kawiri konse. Foni inalira. Ine ndinali pabawo ndipo ndinaithimitsa. Tayala silinaphulike.

Anawerenga ndi chala mzere ndi mzere. Anabwerezanso. Kenako anafunsa funso limodzi: "Ndiye munkaimva?"

Ndinati eya.

Sanalire. Anaika foni pansi bwinobwino, analowa m'nyumba, anatenga yunifolomu ndi mabuku, n'kupita kwa a Regina. Sindinamuletse.

Ndinkayesa kuti ndikanena ndipepukidwa. Ayi ndithu, thupi lonse likuwawa ngati andipuntha. Chokhacho n'chakuti katundu uja wachoka pamutu pa mwana, wabwera pamutu pa mwini wake.

Lachisanu, 27 Seputembala

Achimwene a Stephano afika masana, poti ndiwo ankhoswe anga. Ndawafotokozera zonse. Anagwira kukamwa.

"Iwe Lyton, wapenga? Mwana sananene kwa anthu?"

Ndinati zikuoneka kuti sananene, chifukwa a Regina andipatsa moni bwinobwino m'mawa.

"Ndiye khala chete mawa. Ine ndakonza mawu. Ndinena za nyumba, za chitsime, za kalasi walowayi. A Francis ali kumbali yako. Tikhoza kupempha kuti ukhalebe ulere ana. Ukangotsegula pakamwa pakopo, wadziotcha wekha."

Akunena zoona, ndipo amandifunira zabwino. Koma ndikakhala chete, ndiye kuti bodza langa azindisungira ndi Tiya. Azidya nawo a Regina, azipita nawo kutchalitchi, pakamwa atatseka chifukwa cha ine. Ndamusenzetsa kale zokwanira.

Ndinawauza achimwene kuti ndiona mawa. Ndikuopa kwambiri.

Loweruka, 28 Seputembala

Zatha.

Tinakhala pabwalo la apongozi cha m'ma 9. Abambo pamipando, amayi pamphasa chapatali, apongozi atatembenukira kumbali. A F. anatsegula ndi pemphero. Akuchikazi anayankhula zamwambo: kuti ndinakhala nawo bwino, kuti imfa ndiyo yatilekanitsa, kuti kuyambira lero ndine womasuka, ndikafuna kukwatira ndikwatire. Achimwene anayankha bwino kwambiri, mpaka ine ndemwe kumusirira munthu amene ankamunenayo. Anapempha kuti ndikhalebe pamudzi chifukwa cha ana. A F. anavomereza ndi mutu. Amalume ena anati nkhaniyo ndi yomveka. Zinkaoneka kuti zitheka.

Kenako anafunsa ngati mwini wake ali ndi mawu. Achimwene anandiponda phazi.

Ndinaimirira. Mumtima ndinangoti, ndigwireni. Ndiye ndinanena zonse, mmene ndinalembera muno, bawo, foni, tayala. Ndinanenanso kuti kalasi ndinalowa kuti ndiwanyengerere, osati chifukwa cha Mulungu, ngakhale kuti panopa sindikudziwanso kuti ananyengedwa ndani. Ndinati Tiyanjane sanalakwe kanthu, aliyense adziwe zimenezo.

Kenako a Regina analira mokuwa, akuti ndinapha m'bale wawo ndi njere za bawo, ndinadya nawo nsima ya maliro ndili ndi bodza m'kamwa. Amayi ena anawagwira. A F. anavula magalasi, osawavalanso. Sanandiyang'ane. Achimwene anaweramira pansi ngati wolakwa ndi iwo.

Akuchikazi anapita kuseri kukakambirana. Sanachedwe. Chigamulo: ndichoke pofika Lachitatu. Ana kwa a Regina. Nazale aiona a F.

Apongozi anakhalabe chotembenukira kumbali.

Achimwene akwera basi ya madzulo. Akuti akakonze pogona panga. Ponditsanzika anati, "Unali utawina, iwe." Ndinati ndikudziwa.

Lamulungu, 29 Seputembala

Ndinapita kutchalitchi. Wondiona kuti asinthe maganizo palibenso, ndiye sindikudziwa kuti ndinganene kuti ndinapitiranji. Ndinangofuna. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo. Nkhani yafika kale paliponse, benchi yanga inali ndi malo ambiri.

Lero sindinasinze. Pa pemphero lovomereza machimo, limene sabata ijayi ndinkangoliona ngati mwambo, ndinalira mpaka mamina, bambo mzima. Mkulu wina amene sindimudziwa dzina anasuntha n'kukhala pafupi nane. Anangokhala pomwepo.

Tiya anali kutsogolo ndi a Regina. Sanacheuke.

Madzulo ndalonga zovala m'thumba. Mayeso anafunsa ngati tikupita tonse. Ndinati ayi, iwe ukhala ndi amayi aakulu. Anafunsa kuti akakodza pogona kumeneko amumenya? Ndinapitiriza kulonga.

Lolemba, 30 Seputembala

Ndinali pakhonde cha m'ma 7 ndikumanga thumba ndi chingwe, n'kuona apongozi akubwera okha ndi ndodo yawo. Ndinadzuka kuti ndizembere kuseri, monga ndachitira zaka zonsezi. Mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, sakhala pamodzi. Zaka 16 mawu athu amadzera mwa anthu ena.

Anati, "Khalani pansi, bambo a Tiya. Tinakusudzulani dzana. Sindinunso mkamwini wanga, ndiye palibe chothawira."

Anakhala pakhonde, n'kundiyang'ana m'maso. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo pafupi chonchi. Mphuno ndi ya L. yeniyeni.

Anati zonse ndinanena dzana ankazidziwa kuyambira tsiku loika maliro. Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi bawo wathu ndi mwana wa mng'ono wawo. Anaona njinga itatsamira pamtengo tsiku lonse, matayala ali bwinobwino.

"Ndinakhala chete kuti ndione ngati munene nokha. Mwezi unatha. Wachiwiri unalowa. Kenako ndikuona mukudutsa kuseri kwanga ndi kabuku ka kalasi. Ndinati ayi, munthu uyu achoke ndithu, ndisachimwe naye."

Ndinati anachita bwino.

"Musandiyankhe, sindinamalize." Anagogoda ndodo pansi. Chimene sankadziwa, akuti, ndi cha Tiya. Mwanayo anapita kwa iwo dzulo madzulo n'kuwauza zonse zimene ankaganiza miyezi iwiriyi. Ndiye kuti iwonso, pokhala chete kudikira ine, anamusiya mdzukulu wawo akudziyesa wakupha.

"Ana sindikupatsani kuti mupite nawo, ndi athu. Koma nyumbayi ndi yawo, ndipo wamng'onoyo sangazolowere kwa Regina. Mukhalemo muziwalera mpaka tikolole. Tikakolola tidzaonanso. Francis ndamuuza kale. Tiya abwera akafuna yekha, musamukakamize."

Ndinafuna kugwada kuti ndithokoze. Anandiletsa ndi dzanja.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani. Sindinatero. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa amayi anzanga za kukhululuka, lero zafika pakhomo panga zikundikanika. Ndikati ndipemphere ndimangoona ngolo ija." "Tipemphere pompano. Yambani ndinu, ine mawu andithera."

Ine sindinapempherepo pamaso pa munthu chibadwire. Ndinatseka maso. Ndinati, "Atate." Basi. Ndinayesanso, osatuluka kanthu. Tinakhala choncho nthawi yaitali, ndikumva iwo akupuma movutikira pambali panga, nkhuku zikupalasa pabwalo.

Kenako anati, "Ameni." Anagwira phewa langa podzuka, chifukwa mawondo awo ndi ovuta, n'kumapita osacheuka.

Dzuwa lakwera ndipo nazale sindinathirire. Ndiyambe ndamasula thumbali Mayeso asanabwere kusukulu.